Rimoti ndi Tochi Chabe: Kabuku Kothandiza Mabanja Kukonza ndi Kupanga Zolamulira TV, Dikoda ndi Wailesi

Mawu oyamba

Ndi madzulo, banja lasonkhana pabalaza, nthawi ya nkhani yakwana, koma rimoti yakana. Bambo aimenya pachikhatho, mayi atembenuza mabatire, mwana atulutsa batire limodzi n'kuliluma ndi mano. Zikakanika, rimoti ija iponyedwa m'dirowa momwe muli kale zinzake ziwiri, ndipo mawa lake ndalama ya ndiwo ipita kumsika kukagula ina.

Marimoti ambiri amene ali m'madirowa athu sanafe. Ena angoda m'kati, ena achita dzimbiri pamalo pokhala mabatire, ena waya mmodzi wathothoka pamene anagwa pasimenti. Kabuku kano kakuphunzitsani kuyesa rimoti, kuikonza, kuchepetsa chiwerengero cha marimoti pakhomo, ndiponso kupanga yanuyanu ngati muli ndi chidwi ndi zamagetsi. Zonsezi zagona pa mfundo imodzi: rimoti ndi tochi yaing'ono yophethira kuwala kumene maso athu sakuona. Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zikhala zosavuta.

1. Mmene rimoti imalankhulira ndi TV

Kutsogolo kwa rimoti kuli kababu kakang'ono kotchedwa LED. Kababuka kamatulutsa kuwala kwa infrared, komwe maso a munthu sangakuone. Mukadina batani, kababuka kamayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri, pa marimoti ambiri ka 38,000 pa sekondi imodzi, ndipo kamachita zimenezi m'timagulu: kuphethira pang'ono, kupuma, kuphethiranso. Kutalika kwa kuphethira ndi kupumako ndiye uthenga. Pa TV kapena dikoda pali kadiso kolandira, kobisika kuseri kwa pulasitiki yakuda, kamene kamangomvera kuwala kophethira pa liwiro limeneli.

Makampani ali ndi zilankhulo zosiyana. Chilankhulo cha NEC, chomwe chimapezeka m'zipangizo zambiri zotsika mtengo, chimayenda pa 38 kHz, cha RC-5 cha kampani ya Philips pa 36 kHz, ndipo cha Sony pa 40 kHz. M'chilankhulo cha NEC, uthenga uliwonse uli ndi mbali ziwiri: dzina la chipangizo chimene chikuitanidwa, ndi lamulo lenilenilo, monga "kweza mawu". N'chifukwa chake rimoti ya TV siyatsa dikoda ngakhale zonse zili pamalo amodzi. Dikoda imaona kuwalako, koma dzina loitanidwa si lake.

Nzeru yogwiritsa ntchito kuwala ndi yakale. Mu 1955, Eugene Polley wa kampani ya Zenith ku America anapanga rimoti yotchedwa Flash-Matic, yomwe inali tochi yeniyeni yowalitsira m'makona anayi a TV. Vuto lake linali dzuwa: likalowa pawindo, TV inkasintha yokha. Chaka chotsatira, Robert Adler wa kampani yomweyo anapanga ina yogwiritsa ntchito phokoso losamveka m'makutu a munthu. Infrared inafala cha m'ma 1980, koma monga muonere m'gawo 5, dzuwa likadali mdani wa rimoti mpaka lero.

Dziwani kuti marimoti ena a TV zamakono, makamaka okhala ndi batani lolankhulirapo, amagwiritsa ntchito Bluetooth. Amenewo amafuna kulumikizidwa ndi TV kudzera pa menyu, ndipo mabatani awo ena saoneka pa njira yoyesera ya m'gawo 3.

2. Zida zofunika ndi chenjezo

Pokonza rimoti mufunika: sikuludiraiva yaing'ono, khadi lakale la pulasitiki lotsegulira, mswachi wakale, thonje, sipiriti, sopo, vinega kapena mandimu, soda, pensulo, ndi foni ya kamera. Pa ntchito zina za m'gawo 4 ndi za m'magawo 7 ndi 8 mufunikanso chowotcherera mawaya ndi mtovu wake.

Rimoti imayendera mabatire awiri a 1.5 V, onse pamodzi 3 V, choncho singakugwireni. Koma TV, sabufa ndi ampulifaya ndi nkhani ina. Magetsi a m'nyumba ndi 230 V, ndipo m'kati mwa zipangizozi muli tizida tosunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. TV zakale zija za chimsana zimasunga magetsi ochuluka zedi kwa nthawi yaitali zitazimitsidwa. Musatsegule chipangizo chilichonse cholowa pasoketi. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wophunzira. Safunsa anadya phula.

Powotcherera, tsegulani mawindo, musapume utsi wake, ndipo sambani m'manja mukamaliza chifukwa mtovu ndi poizoni. Ana aang'ono akhale patali ndi chowotcherera komanso mabatire.

3. Kuyesa rimoti ndi foni

Musanatsegule kanthu, dziwani kaye kumene kuli vuto.

1. Tsegulani kamera ya foni.
2. Lozetsani kababu ka rimoti ku kamera, pafupi ngati chikhatho chimodzi.
3. Dinani batani lililonse mukuyang'ana pagalasi la foni.

Kamera imaona zimene diso silikuona. Ngati rimoti ili moyo, muona kababu kakuphethira moyera kapena mofiirira. Mafoni ena ali ndi sefa yotchinga infrared pa kamera yakumbuyo, choncho mukapanda kuona kanthu yesani kamera yakutsogolo. Ndi bwino kuyamba mwayesa rimoti ina imene mukudziwa kuti ndi yabwino, kuti mutsimikize kuti kamerayo ikuona.

Zimene mwaona zikuuzani chochita:

- Palibe kuwala pa batani lililonse: vuto ndi mabatire, dzimbiri, kapena china chathothoka m'kati.
- Kuwala kulipo koma n'kofooka: mabatire atha mphamvu.
- Mabatani ena akuwala, ena ayi: m'kati mwada, kapena mabatani aperepeseka.
- Kukuphethira kosalekeza musanadine: batani lina lakanirira, ndipo likutsekereza ena onse.
- Mabatani onse akuwala bwino koma TV sikumva: vuto lili ku TV kapena pamalo pamene yaikidwa.

4. Kukonza rimoti

*Mabatire.* Sinthani onse awiri nthawi imodzi. Batire latsopano likakhala limodzi ndi lakutha, lakuthalo limayamba kuchucha. Kuluma batire kapena kuliika padzuwa kungapereke mphamvu ya mphindi zochepa, koma kumang'amba chikopa chake ndipo mankhwala a m'kati ndi oopsa pakamwa. Lekani chizolowezi chimenechi, ndipo muletse ana.

*Dzimbiri.* Yang'anani tisipuling'i ndi tizitsulo togunda mabatire. Mukapeza zoyera ngati mchere, werengani zolembedwa pa batire lochuchalo. Ngati palembedwa kuti alkaline, pukutani ndi thonje lonyowetsa ndi vinega kapena madzi a mandimu. Ngati ndi mabatire wamba otsika mtengo a zinc-carbon, pukutani ndi madzi osungunulamo soda pang'ono. Kenako palani chitsulocho mpaka chiwale, pukutani ndi sipiriti, ndipo dikirani chiume. Kasipuling'i kakafwamphuka, kakokeni pang'ono kuti kagwire batire mwamphamvu.

*Kutsegula.* Chotsani mabatire, masulani tisikuluwu ngati tilipo, ndipo muyang'anenso pansi pa pepala lomatidwa, chifukwa kamodzi kamabisala pamenepo. Lowetsani khadi la pulasitiki mumng'alu wa m'mbali n'kuyenda nalo pang'onopang'ono mpaka timano tonse titamasuka. Musagwiritse mpeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukatsegula mupeza zinthu zitatu: chikwama, rabala ya mabatani, ndi kabolodi kobiriwira. Tembenuzani rabalayo. Pansi pa batani lililonse pali kadontho kakuda. Pa kabolodi, moyang'anizana ndi kadonthoko, pali timizere tiwiri tolowana ngati mano a zipeso ziwiri koma tosagundana. Mukadina, kadontho kakuda kamagunda timizere tonse tiwiri n'kulumikiza magetsi. Rimoti ya pabalaza imene yagwira ntchito zaka zingapo imakhala ndi mafuta onanda pamalo amenewa, makamaka pansi pa mabatani a voliyumu ndi matchanelo. Ena amachokera mu rabala momwemo, ena m'manja mwathu tikamadya, ndipo nthawi zina mumapeza shuga wa tiyi amene anatayikira chaka chatha, atauma ngati ulimbo. Zimenezi ndi zimene zimapha mabatani.

1. Tsukani rabala ndi chikwama m'madzi ofunda a sopo ndi mswachi. Musakhule kwambiri timadontho takuda.
2. Kabolodi musakaviike m'madzi. Kapukuteni ndi thonje la sipiriti mpaka thonje lisiye kuda.
3. Yanikani zonse pamthunzi mpaka ziumiretu.
4. Bwezerani, ikani mabatire, yesaninso ndi kamera.

*Batani loperepeseka.* Ngati batani lina likukanabe, kadontho kake katha. Kupaka pensulo yakuda kwambiri pa kadonthoko kumathandiza kwa kanthawi, chifukwa mtima wa pensulo umadutsa magetsi. Njira yokhalitsa ndi kudula kachidutswa kakang'ono ka pepala la aluminiyamu, kofanana kukula ndi kadonthoko, n'kukamata ndi guluu pang'ono. Onetsetsani kuti guluu sanafike kumaso kwake, ndipo kachidutswako sikakutulukira m'mbali.

*Zothothoka.* Rimoti ikagwa, malo atatu amakonda kuthyoka: miyendo ya kababu, pamene tisipuling'i tawotchereredwa pa kabolodi, ndi miyendo ya kabokosi kakang'ono kachikasu kapena kabuluu kolembedwa 455, kamene kamapezeka m'marimoti akale ndipo kamasunga liwiro la kuphethira. Gwedezani chilichonse ndi chala. Chikagwedera, chiwotcherereni. Ngati kabokosi ka 455 kasweka, chotsani kena m'rimoti yakufa. Ichi ndi chifukwa chake marimoti akale sayenera kutayidwa. Posintha kababu, kumbukirani kuti kali ndi mwendo wa + ndi wa −, ndipo kakatembenuzidwa sikayaka.

5. Rimoti ili bwino koma chipangizo sichikumva

Popeza uthenga ndi kuwala, chilichonse chotchinga kapena chothobwa kadiso kolandira chimasokoneza.

- Fumbi ndi nsalu. Pukutani pulasitiki yakuda ya kutsogolo kwa chipangizo. Kansalu kokongoletsera kamene timayala pa TV kapena pa dikoda nthawi zambiri kamalendewera pa kadiso penipeni.
- Dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi infrared yambiri. Ngati rimoti imavuta masana okha, tsekani katani kapena sunthani chipangizo.
- Mababu. Mababu ena a machubu ndi opiringizika aja amasokoneza kadiso. Zimitsani getsi muyese. Zikatheka, sinthani babu kapena litalikitseni.
- Kabati. Ngati dikoda ili m'kabati kapena kuseri kwa TV, ikani kagalasi kodziyang'anira moti mukakhala pampando muziona kutsogolo kwa dikoda m'galasimo. Kumene diso lanu lafika, rimoti ifikanso. Khoma loyera nalonso limabweza kuwala kumeneku.

Palinso vuto lina lodziwika: mukadina rimoti ya sabufa, DVD nayonso ikusintha. Zimachitika chifukwa zipangizo zambiri zotsika mtengo zili ndi chilankhulo chimodzi ndi dzina limodzi. Talikitsani zipangizozo, kenako kulungani kapepala kakuda ngati kapaipi kotalika ngati theka la chala, n'kukamata ndi tepi kuzungulira kababu ka rimoti. Kuwala kumayenda mowongoka ngati tochi yopanikiza, ndipo kumangofika kumene mwaloza.

6. Kuchepetsa marimoti pakhomo

*Rimoti ya zipangizo zambiri.* Kumsika kumapezeka marimoti olembedwa universal, amene amasunga zilankhulo za makampani ambiri. Amabwera ndi kapepala ka manambala. Mumalowetsa nambala ya mtundu wa TV yanu, kapena mumaiuza kuti ifufuze yokha mpaka TV itazima. Kapepalako kasungeni bwino, ndipo nambala imene yagwira muilembe m'kati mwa chitseko cha mabatire. Ena olembedwa learning amatha kukopera batani lililonse kuchokera ku rimoti ina mukaziyang'anitsa mphuno ndi mphuno.

*Foni.* Yang'anani pamwamba pa foni yanu. Mafoni ambiri a Xiaomi ndi Redmi, ndi ena a Huawei, ali ndi kadontho kakuda pamenepo, komwe ndi kababu ka infrared. Pa Xiaomi, pulogalamu yake ndi Mi Remote. Mumasankha mtundu wa chipangizo n'kuyesa mabatani mpaka chitamva. Foni yopanda kababuka singayatse TV wamba, ngakhale mutaikamo pulogalamu yotani.

*Waya wa HDMI.* M'waya wa HDMI muli kanjira kamodzi, pa pini 13, kotchedwa CEC, kamene zipangizo zimatumizirana malamulo. Mukayatsa CEC pa TV ndi pa chipangizo chinacho, rimoti ya TV imatha kulamulira zonse, ndipo kuzimitsa chimodzi kumazimitsa chinzake. Kampani iliyonse inapatsa CEC dzina lake: Samsung amati Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync, Panasonic amati VIERA Link, Philips amati EasyLink. Fufuzani dzinalo pa menyu. Si dikoda iliyonse imene ili ndi CEC, koma kuyesa n'kwaulere.

7. Ntchito yoyamba: kachida koyesera marimoti

Iyi ndi ntchito yabwino kwa mwana wa sekondale kapena aliyense woyamba kumene kuwotcherera. Mufunika kadiso kolandira ka VS1838B kapena TSOP38238, LED wamba yofiira, rezisita ya 330 ohm, ndi mabatire atatu a AA mondondozana, omwe amapereka 4.5 V. Kadiso mungathenso kukapempha kwa amisiri okonza mawailesi, amene amakachotsa m'ma DVD akufa.

Gwirani kadiso, kachotupa kake kakuyang'anani, miyendo ili pansi. Pa mitundu iwiri yatchulidwayi, mwendo wakumanzere ndi OUT, wapakati ndi GND, wakumanja ndi VCC. Mitundu ina, monga TSOP1738, miyendo yake inasanjidwa mosiyana, choncho werengani nambala musanalumikize.

1. Lumikizani VCC ku + ya mabatire, GND ku −.
2. Lumikizani rezisita kuchokera ku + kupita ku mwendo wautali wa LED.
3. Lumikizani mwendo waufupi wa LED ku OUT.

Lozetsani rimoti n'kudina. LED yofiira iphethira motsatira uthenga. Mwasandutsa kuwala kosaoneka kukhala kooneka. Ikani zonse m'kabokosi ka sopo, ndipo mwapeza chida chothandiza mudzi wonse.

8. Ntchito yachiwiri: rimoti ya agogo

M'makomo ambiri muli agogo amene maso achita khungu pang'ono kapena zala zikunjenjemera. Rimoti ya mabatani makumi anayi ang'onoang'ono imawasowetsa mtendere. Akadina molakwika kamodzi, chithunzi chimasowa, ndipo amakhala chete kudikira mdzukulu abwere kusukulu. Agogo amangofuna mabatani asanu: kuyatsa, kukweza mawu, kutsitsa mawu, tchanelo chakutsogolo, tchanelo chakumbuyo.

Njira yachidule ndi yosafuna magetsi. Pezani rimoti yachiwiri ya agogo okha, muitsegule, matani tepi yopyapyala pa kabolodi pansi pa mabatani onse osafunika, ndipo asanu otsalawo muwaike chizindikiro cha utoto wa zikhadabo kapena kadontho ka guluu kokhudzika ndi chala.

Njira yachiwiri ndi kupanga bokosi la mabatani akuluakulu pogwiritsa ntchito Arduino Uno, kabolodi ka kompyuta kakang'ono kamene kanayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, kuti ophunzira azipangira zinthu mosavuta. Mufunika Arduino, kadiso kolandira, kababu ka infrared kochotsa m'rimoti yakufa, rezisita ya 220 ohm, mabatani asanu akuluakulu obwerera okha mukawasiya monga a belu la pakhomo, ndi kompyuta yobwereka tsiku limodzi.

*Kumvetsera rimoti yakale.*
1. Ikani pulogalamu ya Arduino IDE pa kompyuta, ndipo kudzera mu Library Manager onjezerani IRremote, imene inayambitsidwa ndi Ken Shirriff mu 2009.
2. Lumikizani kadiso: VCC ku 5V, GND ku GND, OUT ku pini 2.
3. Tsegulani chitsanzo chotchedwa ReceiveDemo, chitumizeni ku Arduino, ndipo tsegulani Serial Monitor pa liwiro la 115200.
4. Dinani batani lililonse mwa asanu aja pa rimoti yeniyeni ya TV, kenako pa ya dikoda. Pagalasi patuluka dzina la chilankhulo, nambala ya Address ndi nambala ya Command. Lembani zonse m'kope, batani ndi batani.

*Kulankhula.*
1. Lumikizani pini 3 ku rezisita, rezisita ku mwendo wa + wa kababu ka infrared, mwendo wa − ku GND.
2. Lumikizani batani lililonse pakati pa GND ndi pini yake, kuyambira 4 mpaka 8, ndipo mu pulogalamu muike mapiniwo pa INPUT_PULLUP.
3. Lembani kuti batani likadinidwa, Arduino itumize manambala a m'kope aja. Pa chilankhulo cha NEC lamulo lake ndi IrSender.sendNEC, lotsatiridwa ndi Address, Command ndi chiwerengero cha kubwereza. Chitsanzo cha SimpleSender chikuonetsani kalembedwe kake.
4. Ikani kupuma kwa pafupifupi theka la sekondi pambuyo pa kutumiza kulikonse, kuti dzanja lonjenjemera lisadumphitse matchanelo atatu.

Ubwino wa bokosili ndi wakuti batani limodzi lingathe kutumiza mauthenga awiri motsatizana: loyatsa liyatse TV, lidikire pang'ono, kenako liyatse dikoda. Mabatani a mawu alankhule ndi TV, a matchanelo alankhule ndi dikoda, agogo osavutika kusankha rimoti. Kababu kolumikizidwa motere sikafika patali kwambiri, choncho bokosi likhale patebulo loyang'anizana ndi TV. Kuti kafike kutali pamafunika kuwonjezera transistor monga 2N2222, ndipo mmisiri wa mawailesi angakuthandizeni. Magetsi ake ndi a chaja ya foni kudzera pa waya wa USB. Konzani bokosi lathabwa, mabatani atalikirane, ndipo loyatsa likhale lalikulu kuposa onse.

9. Kusamala kuti zikhalitse

- Kukulunga rimoti m'pulasitiki kumaiteteza ku mafuta ndi madzi, koma siyani kababu poyera, ndipo musamange molimba moti mabatani akanikizike.
- Mukamachoka pakhomo kwa milungu ingapo, chotsani mabatire.
- Kuzimitsa ndi rimoti sikuzimitsa chipangizo kotheratu, chifukwa kadiso kamakhala maso kudikira lamulo ndipo kamadya magetsi pang'ono. Ngati mumagwiritsa ntchito sola kapena mayunitsi, zimitsani pasoketi pogona.
- Kukamachita ziphaliwali, zulani pulagi ndi waya wa eriyo kapena wa dishi. Magetsi akazima, zimitsani pasoketi, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanayatse.
- Mabatire akutha musawaponye pamoto kapena pamene ana amasewera.

Poyambira lero

Tsegulani dirowa ija, tulutsani marimoti onse, ikani mabatire atsopano, ndipo muwayese ndi kamera ya foni imodzi ndi imodzi. Owala muwatsuke. Osawala muwatsegule muone dzimbiri ndi zothothoka. Okanikiratu muwasunge m'chitini, chifukwa muli tisipuling'i, timababu ndi tizida tina tokonzera anzawo. Pochita zimenezi muitane mwana, wamkazi kapena wamwamuna, agwire foni ndi kuona yekha kababu kakuphethira. Amisiri ambiri a zamagetsi anayambira pa kanthu kakang'ono ngati kameneka, patebulo la pabalaza, pambali pa munthu wamkulu amene anawalola kutsegula ndi kuyang'ana m'kati.